Mmene Ndinapumitsira Amake Dalitso

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa kuyambira mwezi wa August. Koma popeza akazi anga ayamba kuifotokoza ku Chigwirizano, akumasiya dala mbali zimene zimanditeteza, ndi bwino muimve kwa mwini wake. Ndi yochititsa manyazi, ndikuuziranitu. Ine ndine Sakala, mkulu wa mpingo kuno ku Pamodzi mu Ndola, wowotcherera zitsulo pa kampani ina ya makontrakiti a ku migodi. Chibadwire sindinabepo chakudya cha munthu, kupatula tsiku limodzi lokha.

Akazi anga, amake Dalitso, ali ndi kalesitilanti pa msika. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka amakhala pa mbaula, kuphikira madalaivala a minibasi ndi azimayi ogulitsa zovala za salaula. Akafika kunyumba amapeza tilinso ife: ine, Dalitso, Tamanda ndi Junior, tonse kukamwa kuli yasa. Tsiku lina ndinawapeza akugona chokhala pa mpando, mthiko uli m'manja. Mtima unandipweteka. Ndinati mayi uyu ayenera kupuma.

Mnzanga wina wa kuntchito anandionetsa pa foni nyumba ya alendo pa famu ina, pakati pa Ndola ndi Kitwe, ukasiya msewu waukulu n'kulowa wa fumbi. Zipinda zitatu, kapinga wobiriwira, kadziwe kosambiramo ana. Pansi pa chithunzi analembapo kuti self-catering.

Tsono Chizungu ine ndimachidziwa. Catering ndi aja amabwera pa ukwati ndi mbale zasiliva zokhala ndi kamoto pansi. Self ndi wekha. Ukaphatikiza, ndiye kuti chakudya amakukonzera, iwe n'kumadzigawira wekha popanda weitala wokuyang'ana m'mbale. Sindinafunse munthu. Chinthu chomveka chonchi ndikanafunsiranji?

Ndinalembera mwini wake, mayi wina wotchedwa Bana Mwape, tinagwirizana za Loweruka ndi Sande. Anandiyankha kuti kiyi adzakhala pansi pa mphika wa maluwa pakhonde, ndipo kulowa ndi 14 hours.

Lachisanu madzulo ndinapeza amake Dalitso akuthira ufa m'kathumba.

"Ufa wa chiyani?"

"Si tikupita kutchire? Ndatenganso saladi wophikira, mchere, anyezi ndi kapenta pang'ono."

"Bwezani zonse. Kumeneko amaphika okha."

"Atate ake Dalitso, mwafunsa bwino?"

"Amai, munthu akamapita ku hotela amanyamula anyezi? Mukufuna akatiseke?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabweza ufa m'chidebe.

Za 14 hours zija ndinaziona ngati zongolemba. Ana anali atavala kale dzuwa lisanatuluke, Junior akulira kuti galimoto imusiya. Tinafika pa famu 10 hours isanakwane. Geti linali lotsegula. Chapatali, kuseri kwa mitengo ya mango, kunali nyumba yaikulu ya eni famu, ndipo kumamveka mawu a azimayi ambiri. Pa kanyumba kathu panalibe munthu. Ndinatukula mphika wa maluwa, kiyi palibe. Nditagwira chitseko chinangotseguka.

"Mwaona ulemu?" ndinawauza amake Dalitso. "Atitsegulira kale."

Ndinalowa ndekha kukayendera. Pabalaza bwinobwino. Zipinda bwinobwino. Nditatsegula chitseko cha khitchini ndinaima chilili.

Mapoto. Pa tebulo mapoto, pa sitovu mapoto, pansi mapoto ndi mabeseni, kungosiya kanjira kodutsa munthu mmodzi. Ndinawerenga mpaka twenty-five n'kutopa. Ambiri anali omangidwa m'zitenje zatsopano za mtundu umodzi, zofiira za maluwa achikasu, mfundo ili pamwamba. Ndinati anthu awa amadziwa kukongoletsa.

Ndinamasula mfundo yoyamba: ifisashi, masamba otendera. Yachiwiri: nsomba zouma. Yachitatu: bowa wotendera. Kenako nyama ya mbuzi, nyemba, timabiringanya tija timati impwa, kalembula wa masamba a mbatata, finkubala zimene kwathu timati mphalabungu, mbatata, maungu, chikanda chonse chathunthu ngati tayala la wilibala. Pakona panali chigubu chozizira cha munkoyo, thobwa la kuno. Misozi inalengeza m'maso. Ndinapemphera kapemphero kakafupi kothokoza.

Ndinatuluka n'kuwakhazika amake Dalitso pa mpando wautali wa pakhonde, nkhope yoloza ku kapinga.

"Inu m'khitchini musapondemo. Lero ndikukutumikirani ndine."

Ndinawabweretsera mbale yodzaza. Analawa.

"Ifisashi iyi waphika ndi munthu wodziwa," anatero. "Koma finkubala pa hotela?"

"Ndi traditional menu. Azungu amazikonda."

Anadya. Ndinaona mapewa awo akutsika pang'onopang'ono, maso akulemera. Koma tulo take sitinali tokhalitsa. Atangotseka maso, Junior anathamangira ku dziwe atanyamula mwendo wa mbuzi, iwo n'kudzambatuka. Atagonanso, Tamanda anabwera akulira kuti Dalitso wamulanda chikanda. Ndinathetsa mlandu popatsa aliyense chibenthu chake chachikulu ngati njerwa, ndipo Tamanda ndinamupatsanso chitenje chimodzi kuti azisewera nacho. Pamenepo ndiye mayi anagona zenizeni.

Nditabwerera m'khitchini ndinaona beseni lina loyera, lomangidwa zitenje ziwiri, lili palokha pamwamba pa furiji. M'kati munali nkhuku yachikuda yathunthu, yosadulidwa, yofiirira bwino, nthutumba ili m'mimba mwake. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti iyi ndi ya mutu wa banja. Ndinakhala pa sitepe ya kuseri n'kuyamba ndi nthutumba.

Itatha theka, chikumbumtima chinandivuta. Osati chifukwa cha nkhuku, ayi. Chinandivuta chifukwa chakudya chonsechi anthu five sitikanachimaliza, ndipo kutaya chakudya ndi tchimo. Ndinaimbira foni mlongo wawo wa akazi anga, alamu anga a Zulu, amene amakhala ku Chamboli ku Kitwe.

"Alamu, muli kuti?"

"Ndili panyumba ndi ana. Amai awo apita ku maliro ku Luanshya, tikungoyang'anana."

"Tengani ana mubwere. Kuno chakudya chatikanika. Munyamulenso zoikamo."

Munthu amene ku misonkhano ya banja amachedwa ndi maola atatu anafika pasanathe forty minutes, ali ndi ana anayi, mnzawo wina wa pa neba amene sindinamudziwe dzina mpaka lero, ndi mabakete a ayisikilimu opanda kanthu. Atasuzumira m'khitchini anakanda m'mutu.

"Alamu, zitenje izi zikundikumbutsa kanthu kena."

"Idyani, mukumbukira mutakhuta."

Anadya. Mnzawo uja anadya osalankhula ndi munthu. Ana seven anadya akuthamanga. Munkoyo unatayikira pabalaza, mafupa ali mbwee pa kapinga, m'dziwe mukuyandama impwa. Alamu anadzaza mabakete awo n'kukaika m'buti.

Cha m'ma 12:30 tinamva ng'oma.

Zinkachokera ku nyumba yaikulu ija, zikubwera kwathu. Kenako anatulukira azimayi, mwina thirty, ali pa mzere, onse atavala zitenje zofanana, akuimba nyimbo ya Chibemba, ziuno zikugwedezeka. Kumbuyo kwawo kunkabwera lole yaing'ono pang'onopang'ono.

"Mpaka zovina?" anatero alamu.

"Zonse zili mu package," ndinatero.

Ndinatola chitenje chimodzi cha pa mapoto, kuchimanga m'chiuno, n'kupita kukawachingamira ndikuvina, fupa la nkhuku lili m'dzanja. Sindivina kawirikawiri, koma tsiku limenelo ndinadzipereka. Ndinafika mpaka pogwada pansi n'kudzukanso.

Ng'oma zinawadzutsa amake Dalitso. Anayang'ana azimayi aja. Anayang'ana zitenje zawo, zofiira za maluwa achikasu. Anayang'ana m'chiuno mwanga. Anayang'ana Tamanda akuthamanga ndi chake pamapewa.

"Atate ake Dalitso," anaitana ndi mawu amene sindinawamvepo. "Chitenje icho mwachitenga kuti?"

"Chinali chomangira poto."

"Poto uti?"

"Alipo ambiri."

Anathamangira m'khitchini. Atatuluka anakhala pansi penipeni, pa simenti, manja ali kumutu.

"Ndi chilanga mulilo," anatero monong'ona. "Mwadya chilanga mulilo cha eni ake."

Kwa amene simukhala kuno: uwu ndi mwambo wa Abemba umene masiku ano aliyense amachita. Ukwati usanachitike, akuchikazi amaphika zakudya zonse za kwawo n'kupita nazo kwa mkwati, kukamuonetsa zimene azidya m'banja. Mkwati asanalawe, palibe amene amakhudza. Ngakhale mfundo za zitenje zili ndi eni ake omasula, anachimbusa, alangizi a ukwati, ndipo amamasula ndi mano. Ine ndapitako ku miyambo imeneyi kangapo, ndadyako. Kungoti mapoto ake ndinkawaona ali pamitu ya azimayi, sindinawaonepo atakhala pansi akudikira.

Ng'oma zinasiya imodziimodzi. Ya kumapeto inagunda kawiri yokha n'kuchita manyazi.

Mayi wina wamtali wa magalasi anatuluka pa mzere.

"Nimwe bani?"

"Ndine Sakala. Wa booking."

"Ba Sakala ba 14 hours?"

Anayang'ana wotchi yake, anayang'ana fupa m'dzanja langa, n'kulowa m'nyumba. Ameneyo ndiye anali Bana Mwape. Azimayi ena anamutsatira. Ndinkayembekezera kukuwa, koma m'nyumbamo munali zii. Patapita kanthawi anatuluka atanyamula beseni loyera lija. Munali khosi, phiko limodzi ndi msuzi.

Anayamba kulankhula Chinyanja, pang'onopang'ono, kuti pasakhale mawu ondidutsa.

"Taphika kuyambira dzulo m'mawa. Taika muno chifukwa kunyumba kuli agalu ndi ana. Tapita kukasamba ndi kuvala, basi. Ku Kitwe anthu a mkwati akutidikira 14 hours. Pali azakhali ake amene akhala akunena kuti mwana wanga anakulira ku boarding, sadziwa ngakhale kuwiritsa madzi. Lero ndi tsiku loti ndiwatseke pakamwa. Tsopano ndipite ndi khosi?"

"Amai, pepani, koma munalemba kuti self-catering."

"Eee. Self. Wekha. Ubwera ndi chakudya chako, uphika wekha, utsuka wekha."

"Nanga catering?"

"Catering ndinu, ba Sakala."

Ndinatembenuka kuti alamu andithandize. Panalibe. Anali m'galimoto yawo, magalasi atatseka, akuyang'ana kutsogolo ngati ali pa maloboti. Mnzawo wa pa neba ndinangomuona msana akulowera ku geti wapansi.

Mtsikana wina anathamanga kukauza mkwatibwi, ndipo posakhalitsa tinamva kulira kuchokera ku nyumba yaikulu. Foni ya Bana Mwape inayamba kuitana. Mayi wina anati aitane apolisi. Wina anati ayi, ayambe andijambula. Ine ndinali nditaima pakati pa bwalo, chitenje chikadali m'chiuno, chifukwa kuchivula pamaso pawo kunkaoneka koipa kuposa kuchisiya.

Pamenepo nachimbusa wamkulu, mayi wachikulire wamfupi amene ankatsogolera nyimbo, anabwera n'kuima pafupi nane.

"Sakala wa kuti?"

"Wa ku Chipata, amai."

"Mungoni?"

"Inde."

Anatembenukira anzake. "Ni mbuya." Kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka kugwira bondo. "Anthu odya mbewa awa. Akaona nkhuku mutu umasokonezeka. Apolisi alakwa chiyani kuti tiwapatse Mungoni? Uyu ndi wathu."

Chimbuya cha Angoni ndi Abemba, chibale chonyozana mwanthabwala, ndachiseweretsa moyo wanga wonse, kuwanena kuti amadya anyani. Sindinkadziwa kuti tsiku lina chidzandipulumutsa ku selo. Koma kupulumuka kwake kunali kwa mtengo wake. Anatumiza mwana kukatenga ufa, n'kundithira m'mutu, kumaso, m'makutu, mpaka m'kolala.

Amake Dalitso anadzuka pa simenti paja. Sanandiyang'ane. Anamanga chitenje chawo mwamphamvu n'kupita kwa Bana Mwape.

"Amai, ine ndine mkazi wa munthu uyu. Ntchito yanga ndi yophika. Nkhuku zamoyo zilipo?"

"Zilipo."

"Mbaula zingati?"

"Six."

"Ziyatseni zonse. Aimbireni a ku Kitwe kuti tifika 17 hours. Zimene sizinakhudzidwe zimangidwenso. Atate ake Dalitso, kagwireni nkhuku. Achimwene, tsikani m'galimotomo, ndakuonani. Tsegulani buti."

Mabakete a alamu anatuluka limodzilimodzi pamaso pa azimayi thirty. Mmenemo ndi mmene munapezeka theka la chikanda, ndipo chinatithandiza, chifukwa chikanda sichipsa pa maola awiri.

Simunaonepo mkulu wa mpingo akuthamangitsa nkhuku yachikuda atakhuta nkhuku ina. Ndinagwa kawiri. Ndinasosola nthenga, ndinasinja nsinjiro mpaka m'manja munatuluka matuza, ndinatunga madzi, ndinathamanga ndi galimoto kumsewu waukulu kukafuna chibwabwa, nkhwani uja, ndi tomato. Alamu anapatsidwa mapoto oti akweche ndi mchenga.

Ana nawonso sanaleke kukhala ana chifukwa choti kwagwa vuto. Tamanda anasanza pa sofa ya eni ake. Wa alamu wina analumidwa ndi mavu. Junior anakana munthu wina aliyense, moti amake Dalitso anamubereka kumsana, mwana wa zaka zitatu wolemera ngati thumba la simenti, n'kumayenda naye pakati pa mbaula six, apa alawa mchere, apa achepetsa moto, apa akalipira munthu amene wadula anyezi mokhuthala. Thukuta linkatsika m'khosi. Pa msika amaphikira anthu forty. Pa holide anaphikira hundred.

Mkwatibwi, Mwape, anabwera maso atatupa kudzaphika gawo lake monga mwambo umafunira. Anandiyang'ana kamodzi kokha. Ndikanakonda akanandimenya.

Itakwana 16 hours mapoto onse anali omangidwanso. Ndinaganiza kuti zatha. Nachimbusa uja anandikodola.

"Mbuya, nkhuku unaidya ndiwe. Ukaipereka ndiwe."

Anandikweza pa lole pakati pa azimayi, ufa ukadali kumaso, chitenje m'chiuno, beseni pamiyendo. Amake Dalitso anakhala kutsogolo. Alamu anatsala ndi ana seven, chimene chinali chilango chokwanira. Msewu wonse mpaka ku Ndeke ku Kitwe azimayi ankaimba, ndipo ngakhale Chibemba cha nyimbo sindichimvetsa chonse, dzina la Sakala ndinkalimva likubwera pafupipafupi.

Pa geti la kwa mkwati anandisenzetsa beseni pamutu. Ndinalowa pakati pa mzere, mwamuna ndekha. Pofika pakhomo onse anagwada kuyenda ndi mawondo, inenso ndinagwada. Mafoni anali m'mwamba mbali zonse. Ndinkapemphera chinthu chimodzi: pasapezeke wondidziwa.

"A elder?"

Anali mnyamata woimba kiyibodi ku mpingo kwathu. Mkwati ndi msuweni wake.

"A elder Sakala, ndinu?"

"Yang'ana kumbali," ndinatero.

Sanayang'ane kumbali. Anayandikitsa foni.

Azakhali a mkwati aja anali atakhala kutsogolo, nkhope ili gwa chifukwa cha kuchedwa. Beseni litatsegulidwa anaweramira, anafufuza m'kati mwa nkhuku mpaka anaiona nthutumba. Mkwati atalawa, iwonso anabudula kachidutswa, anatafuna nthawi yaitali, bwalo lonse lili chete. Kenako anagwedeza mutu.

"Mwana uyu amaphika," anatero.

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Bana Mwape anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi mpanda, amake Dalitso anali atakhala pa njerwa akuuzira chala chimene chinapsa.

Wina anafunsa kuti bambo woyera ufayu ndi ndani. Nachimbusa anayankha kuti ndi wolawa wa banja, amalawa chakudya chisanapite kwa mkamwini, kungoti amalawa mwakhama.

Tinabwerera ku famu dzuwa likulowa. Sande yonse tinathera kuchapa sofa, kukolopa munkoyo ndi kuvuula impwa m'dziwe. Chakudya chimene tinadya anatitumizira Bana Mwape mwachifundo: ufa pang'ono, kabichi ndi mazira. Ndinaphika ndine. Ana anafunsa ngati tingabwerere kunyumba msanga. Lolemba kalesitilanti sikanatsegulidwe, Lolemba loyamba m'zaka nine, chifukwa mikono ya amake Dalitso inakana kutukuka.

Lachitatu madzulo foni yawo inaitana tili pa tebulo. Anaiika pa loud kuti manja apitirize kudyetsa Junior. Anali Bana Mwape.

"Amake Dalitso, mwapumako?"

"Pang'ono, amai."

"Ndaimba pa nkhani ya ukwati wa Mwape mu December. A catering amene tinalankhula nawo ndawasiya. Ndikufuna mudzaphike ndinu. Anthu three hundred."

Amake Dalitso anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana m'mbale.

"Ndidzabwera, amai."

"Zikomo. Ana mubwere nawo, palibe vuto." Kenako anawonjezera kuti, "Ba Sakala nawonso ndi olandiridwa. Koma abwere atadya."

Ine zimene ndinaphunzirapo n'zakuti holide ya banja imapumitsa munthu mmodzi yekha: amene watsala kunyumba.